Ombwe pa nkhupakupa za mbuzi: kwina zayoyoka, kwina zili kakaka

Mlangizi wa ku Lirangwe:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Mbuzi za kalabu ina kuno nkhupakupa zachita kumatirira m'makutu, kunsi kwa mchira ndi pakati pa ziboda, zina zayamba kutsimphina. Dibi wa kuno adaleka kale, mwamera udzu, ndipo mankhwala a nkhupakupa a amitraz alimi akuti mtengo sangaufikire. Ndiye tinasinja masamba a ombwe mumtondo, kuviika usiku wonse, kusefa ndi saka, kasopo pang'ono, n'kupopera. Khola loyamba zinayoyoka patatha masiku awiri. Lachiwiri, ombwe wothyola kumunda wina koma muyezo womwewo, zili kakaka. Mwini wake akundiyang'ana ngati ndamupusitsa. Ndaphonya pati?

Wa ku Chileka:
Achimwene, agule dibi basi. Pa botolo amalembapo muyezo. Pa tsamba adalembapo ndani?

Mayi wa ku Lunzu:
Kasinjidwe simunalakwitse ayi bambo. Ombweyu, Tephrosia vogelii, alipo wa mitundu iwiri yofanana zedi. Wina ali ndi poizoni wa gulu la rotenone, winayo alibe, ntchito yake n'kubwezera chonde basi. Ndi maso n'kovuta kuwasiyanitsa. Kathyoleni kumunda kumene kwagwira ntchitoko, mutengenso mbewu komweko. Muzipopera madzulo, mphamvu yake imatha msanga padzuwa.

Wa ku Mpemba:
Chonde sipuleya asakatsukire kumtsinje kapena padamu. Ombwe makolo ankaphera nsomba. Ine mlimi wanga wina anatsukira ndowa m'damu la mnansi wake, kukucha makumba onse ali mimba m'mwamba, mbee! Mlandu unakafika kwa amfumu, mbuzi yomwe ankaipulumutsayo n'kupita pa chindapusa. Mtondowo usabwererenso kukhitchini.

Wa ku Chileka:
Mwamva? Mbuzi yathunthu yapita, botolo la dibi akanagula angati?

Mlangizi wa ku Lirangwe:
Akulu, dibiyo ndikumudziwa. Funso langa ndi muyezo. Masamba ochuluka bwanji pa ndowa ya malita 20?

Wa ku Kunthembwe:
Muyezo ine sindingakupatseni, aliyense ali ndi wake. Changa n'chakuti nkhumba zisayandikire, rotenone sagwirizana nazo. Wopopera amange kansalu kumphuno, mbuzi zisalowe madziwo m'maso. Ndipo mbuzi ikayamba kuzungulirazungulira, kugwa n'kumapalasa miyendo, imeneyo ndi heartwater, matenda obwera ndi nkhupakupa, masamba muwaiwale, thamangirani mankhwala a oxytetracycline msanga.

Mayi wa ku Lunzu:
Apo mwanena. Vuto alimi akaona tsamba lagwira ntchito pamodzi amati ndi la matenda onse. Kuno chitopa chikabuka aliyense alovera ndi tsabola m'madzi akumwa. Nkhuku ziwiri zikapulumuka pa 30, ati mankhwala agwira. Katemera wa chitopa wa I-2 ndi kadontho kamodzi m'diso miyezi inayi iliyonse, koma kuti atulutse ndalama yake, mpaka mmero kuuma.

Wa ku Mpemba:
Kwathu amathiramo ndi phulusa lomwe. Agogo ena anandiuza kuti katemera wanga ndiye anapha nkhuku zawo, chonsecho anandiitana zitayamba kale kuwodzera.

Wa ku Chileka:
Ndanena kale. Za m'botolo zili ndi muyezo.

Wa ku Kunthembwe:
Za m'botolo zomwezo achimwene, alimi amasungunula mpaka kukhala madzi enieni kuti zikwanire khola lonse, kenako nkhupakupa n'kuzolowera. Paja I-2 ndani ali naye mufiriji? Ndikufuna mabotolo awiri Lachisanu ndikamadutsa pa Lunzu.