Kodi asayansi achikhristu amagwirizanitsa bwanji Genesis ndi mafupa a ku Karonga?

Mphunzitsi wa ku Kasungu:

Ndimaphunzitsa sayansi ya zamoyo ku sekondale, komanso ndine mkulu wa mpingo. Chaka chatha ndinapita ndi ophunzira a Fomu 4 kunyumba yosungirako zinthu zakale ku Karonga, kumene anaona chigoba cha Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana cha mtundu wa dinosaur, ndi kumva za nsagwada ya munthu wamakedzana imene inapezeka ku Uraha, m'boma la Karonga lomwelo, mu 1991, yomwe akatswiri amati yakhala zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Pobwerera, mtsikana wina anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, Lamulungu mumatiuza za Adamu, Lolemba mumatiuza za nsagwada, nanga inuyo mumakhulupirira ziti?" Ndinamuyankha ndithu, koma mtima wanga sunakhutire. Ndithandizeni abale: asayansi amene ali Akhristu enieni amaiona bwanji nkhaniyi?

Nachisale:

Aphunzitsi, mumufotokozere mwanayo za Georges Lemaître, wansembe wa Katolika wa ku Belgium amene analinso katswiri wa masamu ndi zakuthambo. Mu 1927 iye anasonyeza kuti chilengedwe chonse chikufutukuka, ndipo mu 1931 ananena kuti ngati chikufutukuka ndiye kuti chinayambira pamalo amodzi, maganizo amene pambuyo pake anatchedwa Big Bang. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Papa Pius XII atalankhula mu 1951 ngati kuti sayansi yatsimikizira mawu a Genesis, Lemaître sanakondwere nazo, chifukwa ankaona kuti chikhulupiriro chikamangidwa pa zimene asayansi apeza lero, chingagwe iwo akadzapeza zina mawa. Kwa iye sayansi imafufuza mmene zinthu zinachitikira, pamene Malemba amanena za Mwini wake ndi cholinga chake. Ine ndimagwira ntchito ya uzamba, ndipo ndimadziwa mmene mwana amakulira m'mimba sabata ndi sabata, koma zimenezi sizindiletsa kuwerenga Salimo 139, pamene wamasalimo akuti Mulungu ndiye anamuumba asanabadwe.

Abusa opuma:

Amayi, mwafotokoza bwino, koma mwalambalala pamene pali minga. Za masiku asanu ndi limodzi sizindivuta kwenikweni, pakuti Genesis yemweyo akuti dzuwa linalengedwa tsiku lachinayi, ndipo Augustine, bishopu wakale wa ku Hippo, anazindikira kale zaka zoposa 1,500 zapitazo kuti masikuwo sangakhale ngati athuwa. Chimene chimandisowetsa tulo ndi Aroma 5:12, pamene Paulo akuti uchimo unalowa m'dziko kudzera mwa munthu mmodzi, ndipo imfa inabwera chifukwa cha uchimowo. Ngati mwini nsagwada ya ku Uraha anafa Adamu asanachimwe, imfa yakeyo inachokera kuti? Ndipo ngati Adamu ndi fanizo chabe, Khristu amene Paulo akumufanizira ndi Adamu tidzamulalikira motani?

Phiri, wophunzira udokotala:

Abusa, funso lanu ndi limene asayansi achikhristu nawonso sanagwirizanepo, ndipo si bwino kuti tiwauze ana ngati kuti linatha. Francis Collins, amene anatsogolera ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu mpaka itatha mu 2003, anakhala Mkhristu ali ndi zaka 27 atayamba wakhala wosakhulupirira Mulungu, ndipo mu 2007 anakhazikitsa bungwe la BioLogos, lolimbikitsa kugwirizana kwa sayansi ndi chikhulupiriro chachikhristu. Iye amavomereza kuti zamoyo zinasintha pang'onopang'ono kuchokera ku zamoyo zina, ndipo amati imeneyo ndiyo njira imene Mlengi anasankha. Umboni wina umene umamukhutiritsa ndi uwu: munthu ali ndi mapeyala 23 a makromozomu (timitolo ta DNA ta m'maselo) pamene chimpanzi ali ndi 24, ndipo kromozomu yachiwiri ya munthu imaoneka kuti ndi ziwiri zimene zinalumikizana, mpaka pamfundo pamene zinakumana pamadziwika.

Pa za Adamu njira zimasiyana. Ena amati anali munthu weniweni amene Mulungu anamusankha pakati pa anthu amene analipo kale n'kuchita naye pangano. Ena amati imfa imene Paulo akunena ndi kulekana ndi Mulungu, poona kuti Adamu sanagwe n'kufa tsiku limene anadya chipatso. Mpingo wa Katolika, m'kalata ya Humani Generis ya 1950, unalola kufufuza za kumene thupi linachokera, koma unaumirira kuti mzimu wa munthu umalengedwa ndi Mulungu mwini. Aliponso Akhristu ophunzira sayansi amene amakana zonsezi n'kunena kuti dziko lili ndi zaka masauzande ochepa, ngakhale kuti pa mfundo imeneyi ine ndikuona kuti miyala, imene imasonyeza zaka 4.5 biliyoni, sikuwavomereza.

Mphunzitsi wa ku Kasungu:

Zikomo nonse. Abusa, funso lanu la Aroma 5 ndilitengera ku gulu lathu lophunzira Baibulo Lachitatu, pakuti inenso likundivuta. Mtsikana uja ndimuitana mawa kuti tiwerengere limodzi Genesis 1 ndi 2, ndipo ndimufunsa kaye chimene iye akuona pa dongosolo la zolengedwa m'mitu iwiriyo ndisanamuuze maganizo anga.