Amayi otaya magazi ndi sikani ya chiberekero: tiziwauza chiyani asananyamuke?

Namwino wa ku health centre: Anzanga, ndithandizeni maganizo. Tikamatumiza amayi otaya magazi mosadziwika bwino kuti akajambulidwe chiberekero kuchipatala chachikulu, ambiri akubwerako osajambulidwa. Ena akuti auzidwa kuti chikhodzodzo chilibe mkodzo, adzabwerenso tsiku lina. Ena sakupita n'komwe, akudikira kuti magazi aleke kaye chifukwa cha manyazi. Pano ndili ndi amayi a zaka za m'ma 50, anasiya kusamba kalekale koma magazi ayambiranso pang'onopang'ono. Ndalama ya ulendo anachita kubwereka, ndiye sindikufuna akabwezedwe. Ndiwauze kuti adikire magazi aleke kapena apite choncho? Nanga madzi amwe ochuluka bwanji?

Wojambula wa pa chipatala cha boma: Asisi, apite choncho. Magazi saletsa sikani, kaya ya pamimba kaya yodzera kunjira ya abambo. Ife timayala pulasitiki ndi nsalu, tikamaliza timapukuta, basi. Muwauze kuti tinazolowera, si iwo oyamba. Atenge mapadi kapena nsalu zosinthira ndi chitenje chapadera.

Za madzizo zimatengera probe (kachipangizo kojambulira) imene tigwiritse ntchito. Ya pamimba imafuna chikhodzodzo chodzaza, chifukwa mkodzo umakankhira matumbo m'mwamba ndipo chithunzi cha chiberekero chimadutsa bwino mu mkodzomo. Mpweya wa m'matumbo ndi umene umatitchinga. Amwe madzi pafupifupi lita imodzi kutatsala ola limodzi, ndipo asakodze. Yodzera kumunsi ija imafuna zosiyana: akodze kaye, chikhodzodzo chikhale chopanda kanthu. Pamene pali ma probe onse awiri timayamba ndi ya pamimba, kenako mayi amakataya madzi n'kubwerera.

Namwino wa ku health centre: Vuto ndi loti amachokera kutali, pa kabaza kenako minibasi. Akamwera kunyumba sangapirire njira yonseyo.

Wojambula wa pa chipatala cha boma: Asamwere kunyumba. Atenge botolo la madzi m'chikwama, ayambe kumwa akafika pa benchi yathu atapereka buku. Mzere wathu wokha ola limakwana. Chinanso, chikhodzodzo chikadzaza mopitirira chimafinya chiberekero, mayi amalephera kugona phee, chithunzi n'kuipa. Zikatero timawauza akatayeko pang'ono, ngakhale kuti kusiya mkodzo pakati si nkhani yophweka kwa amayi achikulire.

Ndipo chonde adye. Amayi ambiri amabwera ndi njala poganiza kuti sikani ili ngati opaleshoni. Kusala kudya n'kwa sikani ya ndulu, ya chiberekero sikufuna zimenezo. Munthu woti magazi akuchepa kale m'thupi, wayenda mtunda, sanadye, amatigwera pa mzere.

Clinical officer wa ku wodi ya amayi: Ndilowererepo, chifukwa funso la madzi lili kumapeto. Sister, amayi amenewa mwawaona khomo la chiberekero ndi speculum, chipangizo chotsegulira njira ya abambo kuti khomolo lioneke? Ngati ayi, yambirani pamenepo lero lomwe, musanalembe n'komwe kalata. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo sikani ya pamimba ikhoza kuiphonya bwinobwino. Ndaonapo amayi akubwera ndi pepala lolembedwa kuti chiberekero chili bwino, iwo n'kukhala kunyumba miyezi ndi mtima m'malo, pamene chotupa chili pakhomo penipeni choti diso likanachiona m'mphindi ziwiri. Mayi amene anasiya kusamba kwa chaka chathunthu kenako n'kuonanso magazi, ngakhale madontho okha, timamuganizira khansa mpaka titatsimikiza kuti si khansa. Nthawi zambiri timapeza kuti ndi kuuma ndi kupyapyala kwa khungu la m'kati chifukwa cha ukalamba, koma zimenezo timanena titafufuza.

Namwino wa ku health centre: Speculum ndinaika dzulo achimwene. Khomo likuoneka losalala, palibe chilonda, magazi akuchokera m'kati. VIA, kuyeza khomo la chiberekero popaka viniga, sindinapange poti magazi amasokoneza. Hb, mlingo wa magazi m'thupi, ili 10.2.

Clinical officer wa ku wodi ya amayi: Mwachita bwino. Zonsezo mulembe m'buku mwawo. VIA pa msinkhu umenewo ndi yovutanso kudalira, chifukwa malire a khungu la kunja ndi la m'kati amene timayang'ana aja amakhala atalowa m'kati mwa khomo.

Mzamba wopuma pantchito: Ana anga, ine ndinaphunzitsidwa kuti sikani ya chiberekero imaoneka bwino mayi akangomaliza kusamba. Tsopano mukuti apite akutaya. Zasintha liti?

Dokotala wa matenda a amayi: Amayi, zimene munaphunzirazo n'zoona ndithu, koma ndi za mayi amene akusambabe ndipo masiku ake amadziwika. Kwa iyeyo nthawi yabwino ndi masiku angapo msambo utangotha, pamene khungu la m'kati mwa chiberekero lili lopyapyala. Timinofu tomera m'kati ndi mafibroid (zotupa za minofu ya chiberekero) otulukira m'kati mwa chiberekero amaoneka bwino nthawi imeneyo. Chakumapeto kwa mwezi khungulo limakhuthala mwachibadwa ndipo limabisa zinthu. Koma amayi a Sister awa alibe msambo woti adikire. Chimodzimodzi mayi amene wakhala akutaya milungu itatu osaleka: mukamuuza adikire magazi aleke, adikira mpaka liti?

Chimene magazi amachita n'kusokoneza muyeso. Magazi oundana m'kati mwa chiberekero amatha kuoneka ngati khungu lakhuthala kapena ngati kachotupa. Wojambula wodziwa amalemba kuti muli madzi kapena magazi, sawawerengera mu muyeso, ndipo akakayika amapempha kubwereza. Ndi chifukwa chake pa fomu pamafunika kulembedwa kuti mayi akutaya panopa.

Kwa amene anasiya kusamba, nambala imene timaigwira ndi mamilimita 4. Endometrium, khungu la m'kati mwa chiberekero lija, ikakhala 4 kapena kucheperapo, mwayi woti ndi khansa ya m'kati mwa chiberekero ndi wochepa kwambiri. Ikaposa, timatenga kanyama kukayeza. Koma muyeso umenewu unakhazikitsidwa pa probe yodzera kumunsi. Pa ya pamimba, makamaka mayi wonenepa kapena chiberekero chopendekera kumbuyo, musaukhulupirire kwambiri.

Wojambula wa pa chipatala cha boma: Adokotala mwandilankhulira. Ife probe yodzera kumunsi tilibe, tili ndi ya pamimba yokha. Ndikalephera kuona endometrium bwino ndimalemba momveka kuti sinaoneke bwino, sindiika nambala yongoganizira. Ena amakwiya nazo kuti lipoti langa ndi losathandiza.

Dokotala wa matenda a amayi: Lipoti lotero ndi limene ndimalikonda ine. Likundiuza kuti funso silinayankhidwe, nditenge kanyama kapena nditumize ku central. Ndipo ngakhale muyeso utakhala wochepa, magazi akabwereranso mayiyo ayenera kutengedwa kanyama basi. Sister, muwauziretu amayiwo kuti sikani mwina si mapeto a ulendo, kuti asadzadabwe kapena kuganiza kuti tikuwazunguza.

Medical assistant wa kunyanja: Kuno kwathu ndiwonjezereko likodzo. Amayi ochapa ndi kusamba m'nyanja amabwera ndi magazi akatha kugonana, kapena otuluka pakati pa mwezi, sikani n'kutuluka yabwinobwino. Ukaika speculum umapeza timadontho tonga mchenga pakhomo la chiberekero, ndipo pamatuluka magazi ukangokhudza. Ndimafunsa aliyense za madzi amene amagwiritsa ntchito, praziquantel, mankhwala a likodzo, timapereka, koma osaiwala kuti likodzo ndi khansa zikhoza kukhalira limodzi.

Clinical officer wa ku wodi ya amayi: Ndipo kwa atsikana ndi amayi a msinkhu wobereka, yezani mimba musanatumize aliyense, ngakhale akulumbira kuti ali pa kulera. Akapezeka ndi mimba, akutaya, m'mimba mukupweteka mbali imodzi, ameneyo si wa pa mzere wa sikani wa Lachinayi. Ikhoza kukhala mimba ya m'chubu. Muikeni drip, ambulansi, ndipo musamumwetse lita ya madzi chifukwa akhoza kulowa ku theatre. Sikani yadzidzidzi timapanga ndi chikhodzodzo mmene chilili, tikufuna kuona ngati magazi atayikira m'mimba. Yemwenso wayera m'maso ndi m'manja, mtima ukuthamanga, akusintha padi ola lililonse, ayambe wathandizidwa, kujambula pambuyo.

Namwino wa za kulera: Komanso musatidzazire mzere wa sikani ndi amayi onse a Depo ndi Jadelle. Kudontha magazi miyezi yoyambirira pa jakisoni kapena ka pamkono n'kodziwika, timawafotokozera pa tsiku loyamba. Mimba palibe, khomo lili bwino, matenda opatsirana palibe, amenewo timawathandiza konkuno. Amene ali ndi lupu ndipo ulusi sukuoneka, kapena chiberekero chikumveka chachikulu pogwira, amenewo ndiye atumizeni. Pa fomu lembani njira ya kulera, chifukwa wojambula akaona lupu asakudziwa amayamba kudabwa.

Wojambula wa pa chipatala cha boma: Fomu imene imangoti "PV bleeding, scan" (akutaya magazi kumunsi, jambulani) imandipweteka mutu. Ndiuzeni zaka, tsiku limene anasamba komaliza kapena chaka chimene anasiya, zotsatira za kuyeza mimba, kulera, ndi mankhwala amene akumwa. Tamoxifen, mankhwala a khansa ya m'mawere, amakhuthalitsa endometrium; warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, amatulutsa magazi payekha. Ndikadziwa zimenezi ndimadziwa poyang'ana.

Mzamba wopuma pantchito: Chimodzi chimene simunanene. Mayi wa zaka 50 akapeza kuti wojambula ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wake, ndipo palibe anamuuza, amadzuka n'kumapita. Muuzeni asananyamuke kuti akhoza kupeza bambo, kuti ali ndi ufulu wopempha namwino wamkazi akhalepo, ndi kuti akhoza kupita ndi mng'ono wake kapena mwana wake wamkazi. Ngati n'kumene kuli probe yodzera kumunsi, mufotokozereni kuti imavekedwa kondomu yatsopano, imatsukidwa ndi mankhwala pakati pa munthu ndi munthu, ndipo akhoza kukana. Mtsikana amene sanagonepo ndi mwamuna sitimuika imeneyo.

Dokotala wa matenda a amayi: Zoona amayi. Pa madzi paja ndionjezere: amene ali ndi vuto la mtima kapena impso, miyendo yotupa, musamukakamize lita yonse. Theka likwanira, angodikira nthawi yotalikirapo.

Namwino wa ku health centre: Zikomo nonse. Ndalemba kapepala m'Chichewa koti ndiziphatika m'buku: "Pitani ngakhale mukutaya magazi. Idyani m'mawa. Tengani botolo la madzi, mukayambe kumwa mukafika, ndipo musakodze mpaka akujambuleni. Tengani zosinthira. Mukamva chizungulire kapena magazi akachuluka, uzani namwino msanga, musadikire pa mzere." Ambiri sawerenga, ndiye ndiziwerengera iwo ndi wowaperekeza. Achimwene ojambula, masiku anu a odwala ochokera kunja ndi ati, kuti asakapezeke tsiku la amayi apakati okhaokha?

Wojambula wa pa chipatala cha boma: Lachiwiri ndi Lachinayi, afike isanakwane 8 koloko. Amene anasiya kusamba mulembe pamwamba pa fomu ndi cholembera chofiira, ndimawaika patsogolo. Kapepalako tumizani muno, ndikufuna ndikapachike pakhomo pathu.