Wax wakale pa Polo yakuda, ndichotse bwanji?

Yamikani (Randburg): Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili pa vuto, ndithandizeni. Ndangotha miyezi iwiri pa car wash ino. Dzulo kunabwera Polo yakuda, mwini wake akufuna kutsukitsa mkati ndi kunja, komanso wax. Ndinatsuka bwinobwino, ndinaumitsa, ndinapaka wax. Popukuta, boneti yonse inachita chifunga, mizere yoyera ngati ndawazapo ufa. Ndikapukuta apa, zikusamukira apo. Bwana anandikalipira pamaso pa kasitomala, akuti andidula R150 sabata ino. Galimotoyo ibweranso Loweruka kuti ndikonze. Ndinalakwitsa pati?

Che Saidi (Salt River): Pepa mphwanga. Ndikufunse kaye, galimotoyo inali ndi wax kale? Ndipo unapakira padzuwa kapena pamthunzi?

Yamikani (Randburg): Mwini wake akuti amapaka yekha kunyumba mwezi uliwonse, wa m'chitini uja. Malo a pamthunzi anali odzaza, ndiye ndinagwirira panja, cha m'ma 1 koloko masana.

Che Saidi (Salt River): Ndiye zalakwika ziwiri. Wax watsopano amafuna kugwira penti, koma iwe unamuika pamwamba pa wax wakale amene wadya fumbi miyezi yambirimbiri. Zili ngati kuzira nyumba osasesa. Chachiwiri, galimoto yakuda masana ku Joni imatentha moti sungaikepo dzanja, wax amauma usanamugwire n'komwe. Loweruka upemphe igwiridwe mmawa, pamthunzi, chitsulo chili chozizira.

Mai a Tadala (Durban): Yamikani mwanangu, usadandaule, penti sinawonongeke. Tenga Sunlight wamadzi, wobiriwira uja wotsukira mbale, uthire pang'ono m'ndowa ya madzi ofunda, utsuke kawiri. Wax ndi mafuta, ndipo sopo wa mbale ntchito yake ndi kudula mafuta. Ine ndimatero ndikafuna kuyamba galimoto kuchokera pachiyambi.

aPhiri (Pretoria West): Mayi, pamenepo tisiyana pang'ono. Sunlight amathandiza, sindikukana, koma samaliza. Wax wa carnauba, wochokera ku masamba a mtengo wa ku Brazil uja, amagonja msanga, ndi pake pakuti ngakhale osamuchotsa amatha yekha pakadutsa miyezi iwiri kapena itatu. Koma zambiri zomwe anthu akugula m'mashopu masiku ano ndi zopanga, amati sealant, ndipo zimenezo sopo wa mbale amangozinyambita. Choipa china, Sunlight amasiya kachikuto kake pa penti. Madzi amasiya kupanga timadontho, iwe nkumati wax wachoka, pomwe wangobisala. Ukatsukuluza ndi madzi ambiri, timadontho tija tibwerera. Ndinapusitsidwapo nazo zimenezi zaka zanga zoyamba.

Mai a Tadala (Durban): Zoona aPhiri, sindinati athere pomwepo. Ndimati ayambire pamenepo chifukwa mwanayu ndalama alibe, amudula kale. Ndipo ndiwonjezere, sopo ameneyu ndi wa tsiku limodzi lokhalo. Mukamatsukira masiku onse, malabala a m'mazenera ndi mapulasitiki akuda amatuwa.

Yamikani (Randburg): Ndiye ndingadziwe bwanji kuti wachokadi?

aPhiri (Pretoria West): Njira ziwiri. Yoyamba ndi madzi. Tsukuluza bwino, kenako thira madzi pa boneti. Akamaundana timipira tating'ono tozungulira, wax alipo. Akamayala ngati chinsalu nkumatsika pang'onopang'ono, wapita. Yachiwiri ndi ya jumbo. Tenga kajumbo kopyapyala, konga ka buledi, ulowetsemo dzanja, upititse zala pa penti yotsuka kale, mopepuka. Zomwe dzanja lako silimva, m'jumbo uzimva: timiyala, tokhakhala ngati mchenga wa kudambo. Timeneto ndi fumbi la mabuleki, phula la mumsewu ndi utomoni wa mitengo. Kuno ku Pretoria mwezi wa October ma jacaranda akachita maluwa, galimoto yogona pansi pake imabwera yomata denga lonse. Zonsezo zimakhala zitakwiririka mu wax wakale.

Che Saidi (Salt River): Ndipo chochotsa zimenezo ndi clay. Ndi kachinthu konga dongo lowumbira, kamagulitsidwa m'mashopu a zipangizo za galimoto. Bwana wako ayenera kuti ali nako, funsa. Ndikuuze mmene ndimagwirira. Ndimadula kachidutswa konga chala chachikulu, ndimakanya m'manja mpaka kafewe, nkukaphwathalitsa ngati chitumbuwa. Ndimapopera madzi a sopo wa galimoto pamalo aang'ono, kukula kwake ngati thireyi, anyowe kwambiri. Kenako ndimayendetsa clay uku ndi uku mowongoka, osazunguliza, osakanikiza. Poyamba umamva akukoka, ndipo ukatchera khutu umamva kaphokoso kakuti shwee shwee. Ukapita kanayi kasanu phokoso lija limatha, clay amayamba kutsetsereka yekha. Pamenepo pathapo. Ukamutembenuza upeza wada bii kapena wachita dzimbiri. Upinde, ukanyenso, mbali yoyera ibwere kunja, upite patsogolo. Polo yonse ndi mphindi 40 kapena ola ngati sukuthamanga.

Che Saidi (Salt River): Lamulo limodzi lokha usaiwale. Clay akagwa pansi, wataya. Usatsuke, usapukute, taya. Amatola mchenga ndipo mchengawo udzalemba pa penti yakuda mizere yoti bwana aione ali patali. Nchifukwa chake timadula pang'onopang'ono.

Gift (Leeds): Moni nonse kumeneko. Kuno ku England nthawi yozizira amathira mchere m'misewu, ndiye galimoto zimabwera zili mbuu. Timapopera mankhwala otchedwa TFR tisanatsuke, ndipo amphamvu ake amadya wax ndithu. Ngati muli nawo kapena muli ndi APC, mankhwala aja otsukira zinthu zosiyanasiyana, sungunulani monga mwalembedwa pa botolo, ndipo musalole aumire pa penti. Valaninso magolovesi, manja anga anasupuka chaka choyamba. Koma chomalizira chenicheni ndi IPA, mowa wopukutira uja wa ku pharmacy. Ngati ndi wa 70%, kapu imodzi ya IPA, makapu atatu a madzi oyera, m'botolo lopopera. Popera pa kansalu ka microfibre, pukuta chitseko chimodzi, tembenuza kansalu, pukutanso pouma. Ukatha pamenepo chala chimalira pa penti, kuti tswii. Ndiye kuti mafuta onse achoka.

Yamikani (Randburg): Mnzanga wina pano akuti ndingotenga thinners kapena petulo, zichoka kamodzi. Winanso akuti Handy Andy.

Mai a Tadala (Durban): Ayi ayi ayi! Amene wakuuzayo sakukufunira zabwino kapena sadziwa. Thinners amasungunula penti yeniyeniyo. Handy Andy ali ndi timchenga, ndi wa sinki ndi bafa. Ine ndinaona ndi maso anga mnyamata wina wa kwathu ku Nkhotakota atapaka pa chitseko cha bakkie yofiira, panatsala chigamba chotuwa ngati chikanga. Ntchito inatha tsiku lomwelo, malipiro a mwezi osalandira.

aPhiri (Pretoria West): Anyamata ambiri sadziwa kuti chowala chija pamwamba pa penti, clear coat, ndi chopyapyala kuposa pepala la m'kope, mwina theka lake. Chikatha chatha, kotsala ndi kwa opopera penti, ndipo kumeneko ndi masauzande. Parafini yekha ndiye ndimalola, pa madontho a phula m'munsi mwa zitseko basi, pakansalu, kenako kutsuka ndi sopo nthawi yomweyo.

Che Saidi (Salt River): Za madzi ndinenepo, poti aPhiri akuti tsukuluza kwambiri. Ife a ku Cape Town 2018 inatiphunzitsa, nthawi ya chilala ija munthu ankaloledwa malita 50 patsiku, madzi a pampopi osatsukira galimoto. Anzathu angapo ntchito zinawathera. Otsalafe tinazolowera ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira kansalu usanakabwezere mu sopo. Mpaka lero sindinasiye, chifukwa mchenga umatsalira m'ndowa yachiwiriyo, subwerera pa galimoto. Pa yakuda ndiye zofunika kwambiri.

Yamikani (Randburg): Nanga zoyera zomwe zatsalira pa mapulasitiki akuda a bampala ndi pansi pa magalasi? Zikukana kuchoka.

Mai a Tadala (Durban): Mswachi wakale ndi APC wosungunula, uzitsuka pang'onopang'ono. Zikakanika, labala yofufutira ya ana asukulu, yoyera ija. M'mphepete mwa zilembo ndi chizindikiro cha VW gwiritsa kamtengo kotokosera m'mano utakulunga kansalu. Ulendo uno popaka, mata tepi ya pepala pa mapulasitikiwo usanayambe.

Gift (Leeds): Ndipo mufunse mwini wake ngati anaikitsapo ceramic coating, kachikuto kolimba koteteza penti kokhalitsa kuposa wax. Ngati inde, clay ndi polishi usayerekeze usanauze bwana. Koma poti amapaka wa m'chitini, ndikukhulupirira mulibe.

aPhiri (Pretoria West): Popaka watsopano, pang'ono chabe, moti uzichita kupendeka mutu kuti umuone. Wochuluka sawala kwambiri, amangovuta kupukuta. Dikira achite mbuu, upititse chala. Pakatsala poyera, pukuta. Pakapakika, dikirabe.

Yamikani (Randburg): Akuluakulu, Polo ija yatuluka tsopano lino. Ndinayamba 7 koloko pamthunzi. Sunlight kawiri, clay anapezeka m'kabati ya bwana, IPA ndinagula ndekha. Clay anada katatu pa boneti pokha, ndipo kachidutswa kamodzi kanagwa, ndinataya monga munanenera Che Saidi. Kasitomala anazungulira galimoto kawiri, wandipatsa R50 m'manja, akuti mwezi wamawa abweretsa ya akazi awo. Pa denga pali kadontho kamodzi ka chitosi cha mbalame komwe kanadya penti, sikanachoke ndi clay.

Che Saidi (Salt River): Kameneko kasiye kaye, ndi ka polishi ndi makina, ndipo makina sunawaphunzire. Jambula pafupi, kuwala kukuchokera m'mbali, utumize tione ngati kalowa mkati kapena kali pamwamba. Nanga R150 ija wabweza?

Yamikani (Randburg): Akuti tikambirana Lolemba. Chithunzi nditumiza madzulo ndikaweruka.