Famu ya Mpwitikizi kwathu ku Angónia, ku Mozambique

Mwana_wa_Domwe: Abale, ndani akukumbuka famu ya Mpwitikizi ija kumtunda kwa mudzi wathu? Ndadutsako, nyumba yatsala zipupa zokha, malata anasasula kalekale, mkuyu wamera pabalaza. Zinatha bwanji?

Gogo_Ulongwe: Mwanawe, Ulongwe tinkati Vila Coutinho nthawi imeneyo. Bambo anga ankalima mbatatesi pamenepo, mzungu anachoka 1975 boma nkutenga famu, mathirakitala mbwee, kenako nkhondo tonse tinathawira ku Dedza, pobwera nkhondo itatha mu 1992 tinapeza tchire lokhalokha. Mtima umandiwawabe.

Nachisale: Zoona agogo. Pano anthu anagawana malowo, chimanga, soya, fodya, ana akuphunzira pomwe panali khola la ng'ombe.

Mwana_wa_Domwe: Nanga chitsime chija?

Nachisale: Tikutungabe achimwene, madzi ake ozizira bwino.