User wobisika pa MikroTik akubwererabwerera, POS nayo ili ndi code yodutsira supervisor

kachingwe_LL
Akuluakulu ndithandizeni, mutu wayima. Ndatenga kontrakiti ya netiweki pa holoselo ina kuno ku Lilongwe. Amene ankasamalira kale adachoka atakangana ndi mwini shopu, handover palibe, kapepala kokha ka password ya admin. Ndalowa mu router ya MikroTik pa Winbox (programu yoyendetsera router), /user print, ndapeza user wachiwiri dzina lake support1, group full. Bwana sakumudziwa. Ndamufufuta. Magetsi atazima n'kuyakanso, router kudzuka, munthu uja wabwerera bwinobwino. Router yake ndi hEX, system yake RouterOS ikadali pa 6.40, chiikireni sanapangepo upgrade.

Chachiwiri ndiye chikundisowetsa tulo. POS, programu ya pa till, adalemba ndi mkulu yemweyo, VB.NET, kumbuyo SQL Server Express. Cashier wina wandinong'oneza kuti pali manambala ena ake, ukawalemba pa malo a PIN ya supervisor amadutsa, void (kufufuta zimene zagulitsidwa) imatheka, pa report ya madzulo osaoneka. Ndayesa bwana ataima pambali panga, zadutsadi. Mu tebulo la users mulibe, ndiye kuti zili mu exe, file ya programuyo, momwemo. Source code palibe, mkulu uja foni sayankha. Bwana akuti pofika Lachisanu zonse zitsekedwe koma shopu isaime ngakhale ola limodzi. Ndiyambire pati? Za kugula POS yatsopano musandiuze, ndalama akuti kulibe.

Nasibeko_sys
Achimwene imani kaye, musafufutenso kanthu. Mukufufuta umboni. Bwanayo akulembereni kalata yosaina kuti wakulolani kufufuza router ndi POS. Mawa nkhani ikafika kupolisi, amene adzaoneke mu log kuti ankagwiragwira ndi inu. Kenako /export ku file, ma screenshot, zonse musunge kwina.

User wobwerera yekhayo muone pa /system scheduler, kamene kali ndi start-time=startup, ndi /system script. Muonenso /ip socks, ma l2tp-client ndi sstp-client (ma VPN oyimba kunja) pa interface, ndi /files. Komanso musafulumire kuloza chala mkulu ujayo. 6.40 ili ndi bowo lija la Winbox la 2018, CVE-2018-14847, munthu ankatha kukoka file ya ma user kudzera pa port 8291 ya Winbox osalowa n'komwe. Adakonza mu 6.42.1. Ngati 8291 inali yotsegula ku WAN, mbali ya intaneti, zaka zonsezi, router imeneyo yadutsamo anthu ambiri.

Mjomba_Limbe
Funso loyamba palibe wafunsa. Mkulu ujayo adalipidwa? Funsani zimenezo kaye. Ine ndakhala mu ntchito imeneyi kuyambira nthawi ya dial-up, palibe technician wanzeru amene amapereka system osasiya kanjira kake kobisika kolowera (backdoor). Ukangopereka zonse, balance yako iwalako.

kachingwe_LL
Mjomba za ngongole zawo sizikundikhudza. Ine ndikufuna chitseko chitsekeke.

Mjomba_Limbe
Zidzakukhudzani mwezi wamawa invoice yanu ikadzagona mu drawer. Ine ndidaikira sukulu ina ya pulaiveti Wi-Fi ndi seva, ma AP pa ngongole yanga, chingwe kukoka ndekha padenga dzuwa likuswa mtengo. Adandipatsa theka, kenako "abwana ali ku msonkhano" chaka chathunthu. Tsiku lina intaneti idangochedwa yokha, queue ya liwiro pa router kutsika, ndalama kutuluka sabata yomweyo. Sindidabe kanthu, sindidaononge kanthu.

Nasibeko_sys
Mjomba zimenezo musamazilembe pagulu chonde, muno muli ana ongoyamba kumene. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa mu system ya munthu popanda chilolezo, silifunsa ngati ali ndi ngongole yanu. Kontrakiti ikatha, chilolezo chatha. Ngongole ili ndi khoti lake.

Werengani nkhani ya Terry Childs. Ankayang'anira netiweki ya mzinda wa San Francisco, mu 2008 adakana kupereka ma password kwa mabwana ake, akuti sangaisamale bwino. Adamutsekera, mpaka meya Gavin Newsom adapita yekha kundende kukalandira ma password. Mu 2010 adamugamula zaka 4. Munthu ameneyo sadafune ngakhale tambala, ankangoona ngati netiweki ndi mwana wake.

Mjomba_Limbe
Ku America amalipira pa nthawi yake mayi.

dev_wa_Zomba
Tibwerere pa POS. Ngati ndi VB.NET ndipo sadapange obfuscate (kubisa code kuti isawerengeke), kopani exe ku laputopu yanu, tsegulani ndi ILSpy kapena dnSpy, code yonse ikubwera poyera. Sakani manambala aja ngati string, mupeza ka If kake pa form ya supervisor. Koma musalekere pomwepo. Wolemba kamodzi amalemba kawiri. Sakani paliponse pamene akuyerekeza DateTime.Now ndi deti lolembedwa pamanja, ena amaika kabomba koti programu ifunse "activation" deti lina likakwana. Muonenso connection string. Ndikubetcha ikulowa ndi sa, akaunti yaikulu ya SQL Server, password ili mu .config osabisa.

Kusintha exe ndi dnSpy n'kotheka koma ine sindingachite pa shopu yoti ikugulitsa. Mukaphonya penapake Loweruka m'mawa mzere uli mpaka panja, palibe wokuthandizani. Komanso programuyo mwini wake ndani pa pepala? Ngati bwana adangogula license, mukusintha katundu wa mwini.

kachingwe_LL
Mayi Nasibeko mwalasa. Scheduler ilipo, dzina lake "ntp-sync", mkati mwake ikupanga /user add. Palinso l2tp-client yoyimba kunja ku IP ina yake, comment palibe. Socks ndi yozimitsa. Connection string ndi sa, dev_wa_Zomba mwawina. Ndiye ndingofufuta scheduler ndi l2tp basi?

Nasibeko_sys
Ayi. Zimene mwapezazo ndi zimene mwaziona, zimene simunazione simukuzidziwa. Router yoti wina adakhalamo ndi full, njira yake ndi Netinstall (kufufuta zonse n'kuikanso RouterOS), version yatsopano, config kulembanso pamanja mukuwerenga export mzere ndi mzere. Chonde musabwezere .backup, imabwera ndi zonse, ma user omwewo. Password zonse zisinthe, ya Wi-Fi, ya PPPoE, ya DVR ya makamera ngati ilipo. 8291 ikhale ya LAN yokha pa /ip service. Muchite Lamlungu madzulo shopu itatseka, router ina ya spare ili pambali.

Dzina loti "ntp-sync" lija ndi khalidwe lakale. Mu Disembala 2015 Juniper idalengeza kuti mu ScreenOS, system ya ma firewall ake, mudapezeka code yosaloledwa. Password yake ya backdoor idalembedwa mooneka ngati ka format string ka debug, kuti wowerenga code angodutsa. Patch itatuluka, anthu adayerekeza firmware yakale ndi yatsopano, pasanathe masiku password inali pa intaneti, aliyense n'kumalowa pa SSH ali kutali. Vuto la kanjira kobisika ndi limenelo, sikadziwa mwini wake. L2tp yanuyo lero mwina ndi ya mkulu uja, koma manambala a POS aja cashier adawadziwa bwanji?

Mjomba_Limbe
Eya, funso limenelo ndi labwino, koma yankho lake simulikonda. Nthawi zambiri amene amapempha code yotero ndi bwana mwiniwake. "Ndipangireni kanjira koti zina zisamaoneke." Lero akudabwa pamaso panu chifukwa ana a pa till aidziwa. Inu kachingwe mukatsegula audit, mudzapeza ma void a usiku shopu itatseka, mudzamuuza ndani? Ndiye ndikuti technician azidziteteza. Kanjira kako ndi inshuwalansi yako.

mlonda_wa_seva
Apa pokha Mjomba anena zoona theka. Ngati shopu ili pa VAT, zogulitsa zimayenera kugwirizana ndi malisiti a msonkho a MRA. Void yosasiya phazi ndi nkhani yoti ikhoza kukula kuposa IT. Kachingwe lembani lipoti la zimene mwapeza, deti, saini, kope lanu musunge. Musakhale inu wofufuta mbiri ya ma void akale, ngakhale akupempheni mokoma.

Tisaiwale Cashgate 2013. Anthu ankalowetsa malipiro mu IFMIS, system ya ndalama za boma, cheke kutuluka, kenako transaction kufufutidwa mu system. Sipadafunike hacker wa ku Russia, adali anthu okhala ndi ma rights oposa ntchito yawo. Kuyambira pamenepo ine system iliyonse yolola delete popanda log ndimaiona ngati yoola kale.

dev_wa_Zomba
Njira yoti shopu isaime ilipo koma ndi bandeji chabe. Exe musaikhudze. Ikani trigger pa tebulo la sales, AFTER UPDATE, DELETE, izikopera mzere wakale ku tebulo la audit pamodzi ndi nthawi ndi HOST_NAME(). Code ija izigwirabe ntchito koma aliyense woigwiritsa azisiya phazi.

Misampha iwiri. Woyamba, SET NOCOUNT ON mu trigger, apo ayi programu zina zimasokonezeka ndi rows affected. Wachiwiri ndi umene udandigonetsa pa benchi ya pharmacy ina usiku wonse: ngati programu imagwiritsa @@IDENTITY potenga nambala ya lisiti, ndiye trigger yanu yalemba mu tebulo lokhala ndi identity column, imabwerera ndi nambala ya audit m'malo mwa ya lisiti. Katundu wa kasitomala uyu n'kukagwera pa lisiti la wina. Tebulo la audit lisakhale ndi identity. Yesani pa kope la database kaye. Express ilibe SQL Agent, backup yake ndi sqlcmd pa Task Scheduler, onani ngati ilipo n'komwe.

Komanso poti programu ikulowa ndi sa, wodziwa password imeneyo atha kuzimitsa trigger. Muisinthe, koma muone kaye ma till onse kuti .config yawo ili pati.

Chifu_intern
Ine zikungondikumbutsa WarGames ya 1983, mnyamata kulowa mu kompyuta ya asilikali ndi password yoti Joshua, dzina la mwana wa amene adaipanga. Ndinkayesa ndi za mu filimu basi.

mlonda_wa_seva
Filimu imachepetsa. InterBase, database ya Borland, inali ndi user "politically", password "correct", zolembedwa mu code momwemo, sungasinthe, sungafufute. Zidakhala zaka zambiri mpaka source itatsegulidwa mu 2000, nkhani n'kuululika kumayambiriro kwa 2001. N'chimodzimodzi POS ya kachingwe. Ma BIOS akale a Award nawo, AWARD_SW, tonse a zaka zathu tidatsegulirapo makompyuta a anthu oiwala password.

Koma filimu ya Mjomba ndi Jurassic Park. Dennis Nedry ankadandaula kuti malipiro ndi ochepa, adasiya kanjira kake, n'kuzimitsa chitetezo cha paki yonse. Mjomba mukukumbukira mmene adathera?

Mjomba_Limbe
Akadamulipira bwino mipanda ikadazima? Mukundithandiza kunena.

Nasibeko_sys
Adadyedwa mu galimoto Mjomba.

Chifu, zimene zikuyenera kukuopsani si za mu filimu. Pa 29 Malichi 2024 Andres Freund, injiniya wa Microsoft wogwira za PostgreSQL, adaulula backdoor mu xz, programu yopanikiza ma file pa Linux, version 5.6.0 ndi 5.6.1. Adaitulukira chifukwa SSH inkadya CPU ndi kuchedwa pafupifupi theka la sekondi. Amene adaiika, wodzitcha Jia Tan, adatha zaka ziwiri akuthandiza project mwaulemu mpaka kupatsidwa udindo. Ken Thompson adachenjeza kale mu 1984 kuti ngakhale compiler ikhoza kuika backdoor yosaoneka mu source. Ndiye wina akamati kanjira kanga ndi kabwino chifukwa ndine munthu wabwino, ine ndimangoti system siidziwa mtima wa munthu.

Ngati mukufuna njira ya ngozi, ilipo yovomerezeka. Akaunti ya break-glass, password yaitali mu envelopu yomata, mu sefa ya kasitomala, iye akudziwa, ikagwiritsidwa ntchito log ikulemba. Za malipiro, 60% musanayambe, yotsala pa handover, zolembedwa.

Mjomba_Limbe
Envelopu ili mu sefa ya munthu amene ali ndi ngongole yako. Chabwino. Ndipo 60% imeneyo ukaitchula, ntchito amapatsa mphwake wongomaliza diploma. Ine maganizo anga sasintha: funsani kaye ngati mkulu uja adalipidwa. Mwina mukamuimbira ndi nambala ina, mwaulemu, source code akupatsani pa mtengo wochepa kuposa usiku umene mutaye pa dnSpy.

dev_wa_Zomba
Kumuimbira kokha ndikuvomereza. Koma Netinstall ichitike kaye asanadziwe kuti mwaona l2tp yake.

mlonda_wa_seva
Netinstall pa Windows muzimitse firewall ndi Wi-Fi, mutsale ndi adapter imodzi, chingwe pa ether1, apo ayi router siioneka pa list, mudzatukwana mpaka m'mawa.

Chifu_intern
Poti tili pomwepa, ndili ndi DVR ya Hikvision ya kasitomala, woika adasamukira ku Joni ndi password yake. Pali master code?

mlonda_wa_seva
Tsegulani nkhani yanuyanu amwene. Koma mwachidule, SADP (programu ya Hikvision), export ka file ka reset, tumizani kwa amene adagulitsa, akubwezerani key. Ma code generator a pa YouTube asiyeni, theka lake ndi ma virus. Firmware yake ndi ya chaka chanji?