Nsomba za m'nyanja yamchere kuno ku Mzuzu: tiitanitse chiyani?

Wa ku Katoto: Akuluakulu, ndikufuna kutengera alendo anayi ku lesitilanti yapamwamba yophika ma prawns (tinyama ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu), calamari (kanyama ka m'nyanja yamchere kopanda mafupa, ka miyendo yambiri) ndi mpunga wa kokonati. Tiitanitse chiyani kuti ndalama isapite pachabe?

Mayi wa ku Chibavi: Achimwene, ma prawns ndi calamari sapezeka m'nyanja yathu. Amachokera ku Tanzania kapena ku Mozambique ali owumitsidwa mufiriji. Ndi kuthimathima kwa magetsiku, akasungunuka n'kuumanso amafewa ngati phala ndipo amanunkha ngati mkodzo. Oterowo abwezeni, musachite manyazi. Chambo, kampango ndi batala ndiye zimabwera zaziwisi kuchokera ku Nkhata Bay. Pemphani akuonetseni nsombayo asanaphike: maso akhale owala, makha ake ofiira, ndipo mukadina mnofu chala chisasiye dzenje.

Bambo wa ku Luwinga: Prawn imapsa pa mphindi ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse. Ikapindika mpaka mchira kukhudza mutu, yapsetsa, mudzatafuna labala. Calamari nayenso moto wamphamvu mphindi ziwiri basi. Anthu asanu, tengani mbale yaikulu imodzi yosakaniza, chambo ziwiri zowotcha ndi mpunga mbale zitatu. Tsabola wa kambuzi abwere pambali.

Wa ku Chiputula: Funsani ngati mtengo ndi wa mbale kapena wa kilogalamu, komanso ngati msonkho wa VAT uli kale momwemo. Alendowo afunseninso: ena ma prawns amawatupitsa milomo ndi kuwabanikitsa. Wotero adye chambo chowotcha, osati chokazingidwa m'mafuta omwewo.