Zibwenzi za ana asukulu: malire ndi zaka 16 kapena 18?

MayiWakuNamwera

Akuluakulu, ndithandizeni. Ku Mother Group, gulu lathu la amayi loyang'anira atsikana pasukulu, nkhani za mimba za ana asukulu sizisowa, koma pa mfundo imodzi sitikumvana. Ena akuti mtsikana akakwanitsa zaka 16 n'kutenga chiphaso cha unzika, lamulo sililowereranso pa zachibwenzi zake. Ena akuti ndi 18. Nanga onse akakhala ana, tinene mnyamata wa Fomu 3 ndi mtsikana wa Fomu 1, wolakwa ndani? Makolo ambiri kuno amathamangira kwa amfumu kapena kwa ashehe kuti angowakwatitsa, nkhani ithere pomwepo. Tiziwauza chiyani chenicheni?

WazamalamuloKuBoma

Mayi, malire ndi 18. Amene akunena 16 sakunama dala, angotsalira m'mbuyo, chifukwa malirewa asunthidwa kawiri. Kale ndime 138 ya Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango, inkateteza mtsikana wosakwana zaka 13 basi. Mu 2011 anakweza kufika pa 16, ndipo nambala imeneyi ndi imene inakhazikika m'mitu mwa anthu. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18, koma ndime 138 inakhalabe pa 16 mpaka 2023 pamene inakonzedwanso. Lero munthu wamkulu akagona ndi mwana wosakwana 18 wapalamula, ndipo chilango chachikulu pa mlanduwu ndi kukhala kundende moyo wonse. Mtsikana kunena kuti anafuna yekha sikumupulumutsa mwamunayo. Lamulo latsopanoli likutetezanso anyamata: mayi wamkulu wogona ndi mnyamata wosakwana 18 naye ali ndi mlandu.

Za chiphaso cha unzika zisakusokonezeni. A NRB, nthambi ya boma ya kalembera, amachipereka munthu akakwanitsa zaka 16, ndiye mtsikana akhoza kukhala nacho m'chikwama ali mwana ndithu pamaso pa lamulo. Chimene chili ndi ntchito pa chiphasocho ndi tsiku lobadwa.

Tsopano onse akakhala ana. Kuchezerana, kuperekezana pochoka kusukulu, kulemberana mauthenga, zimenezo pazokha si mlandu. Mlandu umabwera akagonana. Apa lamulo la 2023 linasiya kampata kakang'ono koti woimbidwa mlandu adzitetezere, koma zinthu zitatu ziyenera kupezeka pamodzi: iye mwini akhale wosakwana 18, kusiyana kwawo kusapitirire zaka 2, ndipo mnzakeyo akhale kuti anavomera. Chimodzi chikasowa, mpata watsekeka. Mnyamata wa 17 ndi mtsikana wa 16, mpata ulipo. Wa 17 ndi wa 14, palibe, ngakhale onse akulumbira kuti amakondana. Wa 17 ndi wa 15, musafulumire kunena kuti "ndi zaka ziwiri". Werengani ndi miyezi yomwe, chifukwa mnyamata wotsala pang'ono kukwanitsa 18 ndi mtsikana amene wangokwanitsa kumene 15 akusiyana pafupifupi zaka zitatu.

Ndipo mvetsani bwino: mpatawu si chilolezo. Ndi mfundo yoti munthu akaitulutse pamene nkhani yafika kale m'manja mwa apolisi ndi bwalo. Mwana akhoza kudzapezeka wosalakwa, koma atavutika kale, sukulu itaima.

Zowakwatitsa ndiye ayi. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo kusintha kwa 2017 kunachotsa mpata umene unkalola azaka 15 mpaka 18 kukwatira makolo akavomereza. Ukwati wa kwa ankhoswe, wa kutchalitchi, wa kumzikiti, wonse ndi chimodzimodzi. Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limaletsa kukakamiza mwana ukwati ngakhale chitomero, ndipo chilango chimafika zaka 10. Choncho makolo amene akuganiza kuti akuzimitsa mlandu umodzi akuyatsa wachiwiri, wawowawo.

NamwinoWakunyanja

Ndiwonjezere za kuchipatala, amayi, chifukwa apa m'pamene ana amapwetekera kwambiri. Mabanja amatha sabata akuitanizana amalume, kudikira bambo ayimbe foni kuchokera ku Joni, nthawi ya mankhwala ikutha.

Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP ayenera kuyambika pasanathe maola 72, ndiko kuti masiku atatu, ndipo amamwa masiku 28 osadumphitsa. Ambiri amasiyira panjira chifukwa cha nseru ya masiku oyamba, choncho pafunika munthu wamkulu womuyang'anira. Mapiritsi oletsa kuti mimba isachitike amagwira mpaka masiku 5, koma mphamvu yake imachepa tsiku ndi tsiku. Palinso mankhwala a matenda opatsirana pogonana. Musadikire kukafika kuchipatala chachikulu ku boma ngati muli kutali monga ku Makanjira kapena kwa Katuli. Yambirani pa chipatala chimene chili pafupi, akutumizani okha ngati pakufunika. Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit, yothandiza anthu ochitidwa nkhanza.

Ngati mwana wachita kugwiriridwa, asasambe kaye, zovala zisachapidwe. Zikulungeni m'pepala, osati m'jumbo, chifukwa pulasitiki imasunga chinyezi n'kuwononga umboni. Koma ngakhale atasamba kale, pitani nayebe.

Lipoti la kuchipatala makolo amaliyembekezera zinthu zimene silinganene. Limalemba zimene zapezeka pathupi pa mwana tsiku limenelo. Silitsimikiza amene anapalamula, ndipo kusapezeka kwa bala sikutanthauza kuti palibe chinachitika, makamaka patapita masiku.

Ngati mimba ilipo kale, ayambe sikelo msanga ndipo akachilire kuchipatala. Mtsikana wamng'ono chiuno chake chimakhala chisanakhwime, kubereka kumatha kutenga nthawi yaitali mwana atatsamira, ndipo m'mene matenda a fistula, odontha mkodzo kapena chimbudzi mosalekeza, amayambira ndi momwemo. Manyazi a banja asamutsekere m'nyumba. Chinanso, mwana wa zaka 13 kupita m'tsogolo amaloledwa kukayezetsa HIV payekha, ndiye musamubweze poti sanabwere ndi kholo.

MphunzitsiWaCDSS

Achimwene azamalamulo afotokoza bwino, koma pali malo amodzi amene ine sindikhutira nawo, ndipo Mother Group iwadziwe. M'masukulu mwathu ana amayamba mochedwa, ena amabwereza, ena amasiya chaka chathunthu ali ku usodzi n'kudzabwerera. M'kalasi limodzi la Fomu 3 mumakhala wa 15 ndi wa 20. Ndiye taganizani mnyamata ndi mtsikana osiyana miyezi 8, onse a 17. Tsiku limene mnyamatayo wakwanitsa 18, mpata uja wamuthera, chifukwa iye si mwananso pomwe mnzakeyo adakali mwana. Anyamata ambiri sakudziwa zimenezi. Uphungu wathu wonse timauthira kwa atsikana, kuchinamwali, kusukulu, kunyumba, anyamata osauzidwa kanthu. Aitaneni nawonso, muwauze nambala zake momveka.

Komabe tisalole kuti nkhani ya ana okhaokha iphimbe vuto lalikulu. Mimba zambiri zimene zimachotsa ana m'kalasi kuno sizichokera kwa anzawo a yunifomu. Ndi amuna obwera ku Joni ndi foni yatsopano, ndi asodzi ndi ogula usipa nthawi imene ndalama ili m'manja, ndi a kabaza opereka lifiti yaulere. Pena chitomero chimachitika mwamuna ali kunja, makolo akulandira ndalama ya pafoni mwezi ndi mwezi, mwana ali Sitandade 7. Amenewa ndi amene lamulo likuwafuna, ndipo ndi amenenso mabanja amawabisa chifukwa akudya nawo. Mnyamata wosauka wa m'kalasi ndi amene amathamangitsiridwa kupolisi. Zimandiwawa kwambiri.

Za sukulu: ndondomeko yolola mtsikana kubwerera akabereka inayamba mu 1993. Makolo akaonane ndi ahedi mimba ikangodziwika kuti zilembedwe, malo ake asungike. Amene amangosowa mwakachetechete ndi amene amavutika pobwerera.

WachitetezoChaAna

Aphunzitsi anena zoona. Ine ndigwire za umboni wa zaka, poti milandu yambiri imagwedezekera pamenepa. Kalata ya kubadwa ndiyo imakhala patsogolo. Ngati palibe, fufuzani buku la kusikelo la mwanayo ali wakhanda, kaundula wa kusukulu, kalata ya ubatizo ngati ilipo. Vuto limabwera mapepala akamatsutsana, monga pamene kholo linachepetsa zaka polembetsa sukulu, kapena linawonjezera potenga chiphaso. Musakonze kapena kufufuta chilichonse. Perekani onse momwe alili, mayi wobereka akafotokoze. Zofananira zomwezi zifunikanso kwa mnyamatayo, chifukwa kaya aweruzidwa ngati mwana kapena ngati wamkulu zimadalira pamenepo.

Mnyamata wosakwana 18 akagwidwa, makolo ake ayenera kudziwitsidwa, asasungidwe m'chitokosi chimodzi ndi akuluakulu, ndipo aonekere pamaso pa majisitireti pasanathe maola 48. Aofesi ya chisamaliro cha anthu amafufuza za moyo wake n'kulemba lipoti. Nkhani imamvedwa ngati ya bwalo la ana, anthu wamba salowamo, mayina a ana onse awiri saulutsidwa. Akapezeka kuti anachitadi, malo ake si ndende ya akulu. Kuli malo osungirako ana monga Chilwa ku Zomba ndi Mpemba ku Blantyre. Banja losowa ndalama ya loya lifunse a Legal Aid Bureau.

Mafoninso, amayi. Zithunzi zamaliseche za mwana wosakwana 18, kuzisunga kapena kuzitumiza ndi mlandu pansi pa lamulo la za intaneti la 2016. Mukamva kuti zikuzungulira pa WhatsApp musapemphe kuti akutumizireni "kuti muone umboni". Uzani apolisi, foniyo akaitenge okha.

Pomufunsa mwana, afunsidwe ndi munthu mmodzi amene amamukhulupirira, osati gulu lonse litamuzinga. Mwana woopsezedwa amatchula dzina limene akuluakulu akufuna kumva, kapena la mnzake wa m'kalasi pofuna kubisa munthu amene amamuopa.

MayiWakuNamwera

Zikomo nonse, zamveka. Funso lomaliza: nanga akuchimuna akabwera ndi ndalama ya damage, akuchikazi n'kulandira, mlandu watha?

WazamalamuloKuBoma

Sunathe, mayi. Mlandu wa ndime 138 mwini wake ndi boma, osati makolo, ndipo amfumu alibe mphamvu youweruza kapena kuutseka. Kulandira ndalama pogwirizana kuti mlandu waukulu ubisike ndi kupalamulanso pakokha. Chithandizo cha khanda lobadwalo ndi nkhani ina yapadera: chimafunika ndithu, ndipo chikhoza kupemphedwa kubwalo la majisitireti popanda ukwati uliwonse. Ngati banja likuopa kuonekera, kapena likuumirira zokwatitsa, inuyo mukhoza kuyimba pa 116, nambala yaulere ya thandizo la ana, kapena kudziwitsa wachitetezo cha ana wa m'dera lanu. Lembani tsiku limene mwamva nkhaniyo, amene mwamuuza, ndi zimene wayankha, chifukwa akadzakufunsani patapita miyezi zidzafunika.